Bambo akufuna ndizikavala tayi ku banki

"Ndinakhoza MSCE ndi mapointi 26. Ine mtima uli pa zamagetsi ku Lilongwe Technical College, koma bambo akuti zimenezo n'za anthu olephera sukulu, ndichite kozi ya za banki kuti ndizikavala tayi. Nditani?"

Makalata otere amandipeza chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka, ndipo kunena zoona anditopetsa. Bambo, mwanayu adzadya tayi?

Mwanawe, usanasankhe ntchito dzifunse: kodi ofuna zimene ntchitoyo imapereka akuchuluka? Nanga munthu mmodzi akapatsidwa makina, amalowa m'malo mwa anthu angati?

Tenga za banki zomwezo. Otumiza ndi kulandira ndalama lero ndi ambiri kuposa pamene bambo ako anali mnyamata. Koma ndalamazo zikudutsa pa Airtel Money, pa Mpamba ndi pa ATM. Makasitomala achuluka, inde, koma ambiri safikanso pa kauntala. Ntchitoyo inasamukira kwa maejenti okhala pansi pa ambulera mumsika ndi kwa akatswiri ochepa a kompyuta. Fodya vuto lake n'lina: kumaiko olemera osuta akuchepa, ndipo ogula akachepa, olembedwa ntchito amachepanso ngakhale pasabwere makina.

Tsono yang'ana zamagetsi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndipo tikuchulukirachulukira. Anthuwa akumanga nyumba, akugula sola, ena akuika mapampu othirira mbewu. Palibe foni imene ingakwere padenga kukamanga sola kapena kulowetsa mawaya m'khoma. Nyumba iliyonse imafuna munthu afike ndi pulayazi yake. Apa ntchito ikachuluka, manja ofunika amachulukanso.

Koma usadzinamize kuti setifiketi ikakulowetsa ku ESCOM. Malo kumeneko ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi. Mwina udzayamba n'kunyamulira wina makwerero, malipiro ake ongokwana sopo, kenako n'kudzapeza chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti uziima pawekha. Ngati masamu ndi sayansi unkazithawa, konzekera kuvutika, chifukwa magetsi sachita nawo zongoyerekeza.

Ukapirira zimenezo, ndili kumbali yako. Tchera khutu TEVETA, yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ikalengeza zolemba ophunzira atsopano, ukalembetse msanga. Bambo ukawawerengere yankholi mwaulemu, atatha kudya.