Chotupa kuseri kwa bondo: achichotse kapena achisiye?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti bambo awo omubereka, a zaka 61, atuluka chotupa chonga dzira la nkhuku kuseri kwa bondo lamanja. Akaimirira chimalimba, akakhala pansi n'kupinda mwendo chimafewa. Kuchipatala anawajambula X-ray n'kuwauza kuti mafupa a bondo aperepeseka pang'ono, koma chotupacho sichinaoneke. Pano abale agawikana. Ena akuti tisonkhe ndalama za MRI, sikani yoonetsa bwino za m'kati mwa bondo, ndi opaleshoni, ena akuti angochiboola madziwo atuluke.

Mayi, ndiyambe ndi ofuna kuboolawo. Auzeni ayi, ndipo asakatemepo mphini. Kuseri kwa bondo kumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi kuphazi, wina wobweza magazi kumtima, komanso minyewa imene imayendetsa phazi. Mtsempha wopita kuphaziwo nthawi zina umafufuma ngati chubu cha njinga chimene chafooka mbali imodzi, ndipo izi zimakonda abambo achikulire ngati anuwa. Madokotala amati popliteal aneurysm. Mukachiona ndi maso simungachisiyanitse ndi chotupa cha madzi. Ikani zala ziwiri pachotupapo bambo atagona: ngati chikugunda ngati mtima, musadikire sikelo ya mwezi wamawa, pitani nawo kuchipatala. Singano ikalowa pamenepo munthu atha kutaya mwendo, kapena moyo umene.

Komabe, mmene mwafotokozeramo, zoti chimalimba akawongola mwendo n'kufewa akapinda, zikufanana kwambiri ndi Baker's cyst. Dzinalo ndi la William Morrant Baker, dokotala wa ku London amene analemba za matendawa mu 1877. Bondo lili ndi madzi ake oterera amene amalifewetsa. Likavulala m'kati, kaya ndi nyamakazi kaya kung'ambika kwa kanyama kolimba konga mphira kotchedwa meniscus, limapanga madzi ochuluka. Madziwo amakankhidwira kumbuyo, m'kathumba kamene kali pakati pa minofu iwiri, ndipo kanjira kake kamalola madzi kulowa koma kutuluka ayi, ngati vavu ya tayala. Ndiye chotupacho ndi utsi chabe, moto uli m'bondomo.

N'chifukwa chake X-ray ija musainyoze. Siionetsa madzi kapena minofu, imaonetsa mafupa, ndipo yakuuzani kale chinthu chofunika: bondo la bambo laperepeseka, ndiye mwina ndi kumene madziwo akuchokera.

Chimene ine ndingapemphe ndi ultrasound, sikani yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera. Ndi yotsika mtengo, siitenga nthawi, ndipo zipatala zambiri zili nayo. Bambo adzagona chafufumimba, adzawapaka mafuta ozizira aja, ndipo pa sikirini kathumba ka madzi kamaoneka bii, kali ndi kakhosi kolowera m'bondo. Woyezayo akayatsa Doppler amaona ngati muli magazi oyenda, ndipo funso la mtsempha lija limatha pomwepo. MRI ndi yabwino, imaonetsa meniscus ndi mitsempha yomanga bondo bwinobwino, koma ntchito yake imabwera pamene dokotala wa mafupa akuganiza kale za opaleshoni, kapena pamene chotupacho chapezeka kuti ndi nyama yolimba osati madzi. Kugulitsa mbuzi kuti muyambire pa MRI, ine ndikuona ngati n'kuthamanga.

Za opaleshoni tsono. Kale ankang'amba kuseri kwa bondo n'kuchotsa kathumbako, koma kawirikawiri kankabweranso chifukwa gwero la madzi linali lisanakonzedwe. Masiku ano, opaleshoni ikafunika, ambiri amalowa ndi kakamera kudzera pa timabowo tating'ono, amati arthroscopy, n'kukonza chimene chang'ambika m'kati, nthawi zina n'kukulitsa kanjira kaja kuti madzi azibwerera. Koma anthu ambiri safika kumeneko. Mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, mafizo olimbitsa ntchafu, kuchepetsa thupi ngati ndi onenepa, ndi kuleka kaye kunjuta nthawi yaitali, zimathandiza. Chikamawawa kwambiri dokotala atha kupopa madziwo akuyang'ana pa sikani, n'kubaya jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ngakhale kuti madziwo amatha kudzazanso. Kwa ana, poti ena amafunsa, kathumbaka kawirikawiri kamaphwa kokha.

Chinthu china choti musunge m'mutu: kathumbaka kamatha kuphulikira m'kati. Madzi amatsikira m'katumba, mwendo n'kutupa, kutentha ndi kuwawa, nthawi zina n'kuda pafupi ndi kakolo ngati munthu wamenyedwa. Vuto ndi loti magazi akaundana mumtsempha, matenda amene amati DVT, amaonekanso chimodzimodzi, ndipo awo amapha ngati chibuluma chathawira kumapapo. Pakhomo simungasiyanitse. Katumba akatupa mwadzidzidzi, phazi likazizira kapena kuchita dzanzi, kapena thupi likatentha bondo lili lofiira, apite tsiku lomwelo.

Mukapita, pemphani kuonana ndi a kiliniki ya mafupa. Kuno ku Malawi ntchito yambiri ya mafupa m'zipatala za maboma imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, azachipatala ophunzitsidwa za mafupa, ndipo iwo ndi amene angakulembereni kalata yopita ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pakufunika kutero. Musaiwale kutenga X-ray ija ndi buku lawo la kuchipatala.