Kodi ndimvere boma kapena ndimvere Mulungu?

Funso: Akonzi, ine ndine mkulu wa mpingo komanso ndimagwira ntchito m'boma. Anzanga ena amati popeza Afilipi 3:20 akunena kuti kwathu n'kumwamba, za mavoti ndi misonkho sizitikhudza. Ena amati Aroma 13 akutilamula kumvera boma pa chilichonse. Nanga ine ndiime pati? Wowerenga wa ku Dedza

Yankho: Bambo, anzanu onsewo agwira vesi limodzi n'kusiya linzake. Paulo yemwe analemba kuti kwathu n'kumwamba ndi yemweyo amene, atamangidwa kuti akwapulidwe ku Yerusalemu, anafunsa msilikali ngati n'kololedwa kukwapula nzika ya Roma isanaweruzidwe. Zimenezi zili pa Machitidwe 22:25. Unzika wake sanautaye, anaugwiritsa ntchito. Choncho khomani msonkho, khalani ndi chiphaso cha unzika, kalembetseni m'kaundula wa mavoti, ndipo pemphererani atsogoleri, ngakhale amene simunawavotere.

Koma kumvera boma kuli ndi malire, ndipo malirewo ndi awiri okha: boma likakulamulani kuchita chimene Mulungu waletsa, kapena likakuletsani kuchita chimene Mulungu walamula. Apa m'pamene mawu a Petro pa Machitidwe 5:29 amagwira ntchito, akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Lamulo lokuwawani chabe, monga kukwera kwa msonkho, silili m'gulu limeneli. Mungathe kulidzudzula, kulembera phungu wanu, ngakhale kuchita zionetsero zabata, koma mukulitsatirabe.

Dziko lathu linaziona zimenezi ndi maso. A Mboni za Yehova anakana kugula makhadi a chipani cha Kongeresi, ndipo boma linawaletsa mu 1967. Mu 1972 ambiri anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu akhoza kusiyana nawo pa chiphunzitso, koma khadi lija linkafunsa funso lomwe mwafunsali. Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, kusiyana kwa olemera ndi osauka komanso kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anapitikitsidwa m'dziko. Onani bwino mmene maepiskopiwo anachitira: anasaina maina awo, analankhula poyera, sanauze munthu kuti anyamule chida. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri.

Lero gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndiye mayeso anu sadzabwera ngati chiletso cha kupemphera. Adzabwera pa desiki: bwana akukuuzani kuti musainire malipiro a katundu amene sanafike, kapena alawansi ya msonkhano umene sunachitike. Zikatero, pemphani mwaulemu kuti lamulolo alilembe. Ambiri amabwerera m'mbuyo pomwepo, chifukwa safuna dzina lawo papepala. Akaumirira, kanani molemba, tchulani chifukwa chake, ikani tsiku, ndipo sungani kope lanu kunja kwa ofesi. Kenako kadziwitseni wamkulu wa bwanayo, ndipo zikakanika pitani ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, kapena kwa Ombudsman ngati ayamba kukuzunzani pantchito. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kukana pakamwa pokha, kapena kusaina n'kumati Mulungu akudziwa mtima wanga. Ofufuza akabwera amaona siginecha basi, ndipo mlandu umagwera wosainayo.

Pali mbali inanso yokhudza inu ngati mkulu wa mpingo, ndipo imatidetsa nkhawa kwambiri. Nthawi ya kampeni andale amabwera ndi matumba a simenti ndi malata. Aloleni apemphere nanu ngati wina aliyense, koma musawapatse guwa kuti achitirepo kampeni, ndipo musauze Akhristu woti amuvotere. Mpingo umene walandira envulopu ya phungu umavutika kudzamufunsa za mankhwala osowa pachipatala. Lembani mfundo imeneyi m'mabuku a mpingo nyengo ya chisankho isanafike, kuti woimira chipani chilichonse azidzapatsidwa yankho lofanana.