Masekondi 3,888,000 ndi miyezi ingati?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo, ndipo funso lake ndi ili: "Ndikulemba pulogalamu mu Java. Ndili ndi Duration ya masekondi 3,888,000 ndipo ndikufuna ioneke ngati miyezi ndi masiku, ndiye kuti Period. Ndasakasaka toPeriod() koma osaipeza. Kodi anaiwala kuikamo?"

Ayi anzanga, amene anapanga Java (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) sanaiwale kuika toPeriod(), lamulo losandutsa Duration kukhala Period. Anachita dala, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino.

Mu java.time, gawo la Java loona za nthawi ndi madeti limene linabwera ndi Java 8 mu 2014, ziwirizi zimayeza zinthu zosiyana. Duration imasunga masekondi ndi tizigawo ta sekondi basi, ngati wotchi yoyezera othamanga. Period imasunga zaka, miyezi ndi masiku, monga timawerengera pa kalendala. Vuto ndi loti mwezi ulibe utali umodzi.

Tiyeni titenge nambala yanu yomweyo. Mukagawa 3,888,000 ndi 86,400, omwe ndi masekondi a tsiku limodzi, mupeza masiku 45. Tsono ikani chala pa kalendala ya 2023. Mukayambira pa 1 Januwale, mufika pa 15 Febuluwale: mwezi umodzi ndi masiku 14. Mukayambira pa 1 Febuluwale, mufika pa 18 Malichi: mwezi umodzi ndi masiku 17. Bwerezaninso kuyambira pa 1 Febuluwale mu 2024, chaka chimene Febuluwale anali ndi masiku 29, ndipo mupeza mwezi umodzi ndi masiku 16. Masekondi ndi omwe aja, mayankho atatu, onse olondola. Nanga toPeriod() ikanasankha liti, poti siidziwa tsiku limene munayambira?

Ngakhale tsiku lenilenilo silikhala la maola 24 nthawi zonse. Ku London amakankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, ndipo tsikulo limakhala ndi maola 23. Tengani ZonedDateTime (deti ndi nthawi malinga ndi wotchi ya dera linalake) ya 12 koloko masana ku London pa 30 Malichi 2024. Mukaonjezera Period.ofDays(1) mufika 12 koloko mawa lake, koma mukaonjezera Duration.ofHours(24) mufika 1 koloko. Ine zinandigwirapo zimenezi pa pulogalamu yokumbutsa anthu nthawi ya msonkhano. Ndinakhala usiku wonse ndikuyang'ana mzere umodzi, ndikudabwa kuti ola limeneli likuchokera kuti.

Ndiye muchite chotani? Ngati mukungofuna masiku, ndipo mwavomera kuti tsiku lililonse ndi maola 24, izi zakwana (d ndiye Duration yanu ija):

Period.ofDays((int) d.toDays())

Dziwani kuti maola otsala amatayika pamenepa. Musadalirenso normalized() kuti isandutse masiku 45 aja kukhala mwezi, chifukwa imangokonza miyezi ndi zaka, masiku saikhudza.

Koma ngati mukufunadi miyezi, pezani tsiku loyambira. Limakhalapo pafupifupi nthawi zonse: tsiku limene munthu analembetsa, kapena limene ntchito inayamba.

ZonedDateTime mapeto = chiyambi.plus(d);
Period p = Period.between(chiyambi.toLocalDate(), mapeto.toLocalDate());

Samalani pang'ono apa: Period.between imayang'ana madeti okha. Kuyambira 11 koloko usiku kufika 1 koloko m'bandakucha ndi maola awiri, koma iyo ikuuzani kuti ndi tsiku limodzi.

Ndikuganiza kuti toPeriod() munaiona mu Joda-Time, laibulale yakale ya Stephen Colebourne, yemwenso anatsogolera ntchito ya java.time. Kumeneko ilipodi, koma imadzaza maola, mphindi, masekondi ndi mamilisekondi okha. Masiku anu 45 angatuluke ngati maola 1,080. Mukaitana normalizedStandard() mpamene imawasandutsa masabata 6 ndi masiku 3, koma miyezi ayi.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, musagawe ndi 30. Ndikudziwa kuti zimakopa, ndipo poyesa koyamba zimaoneka ngati zatheka. Koma miyezi 12 ya masiku 30 ndi masiku 360, choncho chaka chikamatha pulogalamu yanu idzakhala itasemphana ndi kalendala ndi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati ikuwerengera malipiro kapena tsiku lotha pangano, wina adzalipira masiku amene sanagwiritse ntchito. Mundilemberenso mundiuze kumene Duration yanuyo ikuchokera, tione limodzi pamene tsiku loyambira linasowera.