Wofuna kukwera mapolo a malaiti ayambire pati?

Mnyamata wina wa ku Katete wanditumizira imelo. Anamaliza Giredi 12, ndipo kontrakita amene akukoka mawaya kumidzi wamuuza kuti abwere, ntchito adzaidziwira komweko. Akufunsa ngati apite, kapena ayambe walowa sukulu.

Mphwanga, ngati ukufuna ya sopo pita, koma udziwiretu zimene ukapezeko. Miyezi yoyamba ndi yokumba maenje, kusenza mapolo ndi kukoka waya padzuwa la Okutobala. Ntchito ikatha kontrakita amapakira katundu wake n'kumapita, iwe n'kutsala ndi matuza m'manja, wopanda pepala loonetsa kuti unaphunzirapo kanthu. Ine ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi craft certificate ya zamagetsi, ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ndi zaka ziwiri. Yamba kufunsa ku Chipata Trades pafupi pompano, kapena ku NORTEC ku Ndola ngati kuli wachibale wokusunga. Masamu ndi sayansi amaziyang'ana, ndiye ngati sizinakhale bwino lembanso. Nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito pakampani, ikafika, limbikira kuti upite ndi gulu la pa laini, osati kumangomanga masoketi m'nyumba. ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, ili ndi sukulu yakeyake ku Ndola, koma pakhomo pake umafika bwino pepala lili kale m'manja.

Ambiri amaganiza kuti choopsa pa ntchitoyi ndi kugwa. Lamba alipo, ndipo miyendo imasiya kunjenjemera pakapita masabata. Chimene chimapha ambiri ndi waya amene aliyense akuti ndi wozimitsa. N'chifukwa chake linesman wodziwa ntchito sakwera asanaone permit (pepala lomuloleza kugwira pa lainiyo), asanayeze yekha ndi tesita, asanamange ma earth (mawaya olumikiza laini ndi nthaka) mbali zonse ziwiri za pamene akugwirapo. Ngakhale foromani akalipe kuti nthawi yatha, iye amayezabe.

Chiyambire 2024, madzi atachepa ku Kariba, majenereta ndi ma inverter (makina opereka magetsi kuchokera ku mabatire) achuluka m'mashopu ndi m'makomo. Wina akalumikiza lake osazimitsa main switch, magetsi amabwerera m'mawaya, ndipo thiransifoma imagwira chobwerera: mavoti 230 a m'golosale amasanduka masauzande pa laini ya 11 kV (mavoti 11,000) imene iwe wakumbatira. Ukapita kwa kontrakita uja, tsiku loyamba umufunse akuonetse ma earth ake. Akayamba kukanda m'mutu, kwera basi ubwerere ku Katete.