Funsani Malume: Chidindo cha notary ndi ulendo wa mwana

Malume,
Amuna anga anapita kunja kukagwira ntchito zaka zitatu zapitazo, ndipo atiitana ine ndi mwana wathu wa zaka 9 kuti tikawaone sukulu ikatsekera. Mapasipoti tili nawo, viza yatuluka. Tsopano mnzanga akundiopseza kuti pabwalo la ndege adzandibweza ngati ndilibe kalata ya chilolezo ya bambo a mwanayu yodindidwa ndi notary, munthu wovomerezedwa mwalamulo kuchitira umboni zikalata. Mwana ndinabala ndekha, ndipo bambo akewo ndi omwe tikuwalondola. Chilolezo n'chachiyaninso?
Mayi wa mwana mmodzi

Mayi,
Mnzanuyo musadane naye. Wangokokomeza pang'ono, koma sananame.

Inu mukudziwa kuti mwanayo ndi wanu. Wa imigireshoni amene adzakhale kuseri kwa galasi sakudziwa. Iye adzaona mzimayi, mwana ndi mapasipoti awiri, mwinanso mayina omaliza akusiyana. Ndipo pa ntchito yakeyo amadziwa kuti mwana wozembetsedwa kunja kawirikawiri satengedwa ndi mlendo. Amatengedwa ndi kholo lake lenileni banja likasokonekera. Nkhaniyi siyachilendo: mu 1980 mayiko anachita kupangana ku The Hague, mzinda wa ku Netherlands, za kabwezedwe ka ana otengedwa motero. Choncho akakufunsani kalata, sikuti akukayikira umayi wanu. Akufuna kumva mawu a kholo lomwe silikuoneka pamzerepo.

Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, ndipo amasinthasintha. South Africa inayamba pa 1 Juni 2015 kufuna satifiketi ya kubadwa yoonetsa makolo onse awiri, pamodzi ndi chikalata cholumbirira cha kholo lotsala. A zokopa alendo analira kwambiri, mpaka mu Novembala 2019 lamulolo analifewetsa kwa ana akunja oyenda ndi wamkulu, koma mwana woyenda yekha amafunsidwabe mapepala. Brazil salola mwana wa dziko lakelo kutuluka ndi kholo limodzi popanda chilolezo cha linalo. Canada siikakamiza, koma boma lake limalangiza mwamphamvu kuti kalatayo ikhalepo, ndipo linaika chitsanzo chake pa intaneti. Palinso a kampani ya ndege, omwe anthu ambiri amawaiwala. Iwowa amalipitsidwa chindapusa akanyamula munthu amene wakakanizidwa kulowa m'dziko, ndiye akakayikira pang'ono, amakubwezani musanafike n'komwe pa imigireshoni.

Ine ndimati tengani kalatayo ngakhale akuuzeni kuti siyofunika. Pepala limodzi silingalemeretse chikwama.

M'kalatamo mukhale mayina onse a mwana, anu ndi a bambo ake monga momwe alembedwera m'mapasipoti, manambala a mapasipotiwo, tsiku lobadwa la mwana, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, kumene mukukafikira, ndi nambala ya foni imene bamboyo angayankhe ngakhale pakati pa usiku. Ngati mukasintha ndege m'dziko lina, nalonso mulitchule. Kalata yongoti "ndikulola mwana wanga kuyenda kulikonse nthawi iliyonse" sindiikonda. Ena amaikana, ndipo ikagwa m'manja olakwika ndi yoopsa.

Pa manambalapo ndikulankhula ngati munthu amene anapsapo. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya zaka zambiri, ndipo tsiku lina ndinataipa kalata yotereyi ndikukopera nambala ya pasipoti yakale ya mwana, yomwe inali itatha kale mphamvu. Abwana anadinda, bambo anasayina, tonse osaona. Mayi wa mwanayo anatiimbira ali pabwalo la ndege, mawu akunjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga nambala mokweza, wina atagwira pasipoti yeniyeniyo m'manja.

Tsono chofunika kwambiri n'ichi. Amuna anu asasayine kalatayo kunyumba n'kukutumizirani kuti mukadinditse kuno. Notary woona mtima adzakubwezani nayo. Ntchito yake ndi kuona ndi maso ake kuti wosayinayo ndi mwini dzina, akumvetsa zimene akusayina, ndipo palibe womukankha kumsana. Chidindo chake chimachitira umboni dzanja la munthu, osati kuti zonse zolembedwazo n'zoona. Choncho apite okha ndi pasipoti yawo kwa notary wa m'dziko limene alimo, kapena afunse ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo, akasayinire konko. Akatero akutumizireni pepala lenilenilo, pamodzi ndi kope ya tsamba la chithunzi la pasipoti yawo. Chithunzi cha pa foni chisungeni, koma musachidalire. Asalembe kalatayo kudakali miyezi yambirimbiri, chifukwa ena amafuna yosapitirira miyezi 6. Satifiketi ya kubadwa ya mwana muinyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi.

Kwa owerenga ena amene zinthu sizili bwino ngati kwa mayiwa: ngati kholo linalo linamwalira, nyamulani satifiketi ya imfa. Ngati munasiyana ukwati, nyamulani chigamulo cha khoti chonena amene akusunga mwana. Koma ngati kholo likukana kusayina kapena linasowa, kwa notary kulibe thandizo. Njira yake ndi kukhoti basi.

*

Malume,
Mwana wanga wapeza malo pa yunivesite ina kunja. Tinadinditsa masatifiketi ake onse kwa loya, koma atibwezera kuti akufuna apostille. Kodi chidindo cha loya chija chinali chabodza?
Bambo wothedwa nzeru

Bambo,
Sichinali chabodza, kungoti akunjawo samudziwa loya wanuyo. Nanga angadziwe bwanji kuti chidindo chimene akuchionacho sichinasemedwe kuseri kwa nyumba?

Choyamba fufuzani ngati amene anadindayo ndi notary public kapena commissioner for oaths. M'mayiko ambiri a Commonwealth awa ndi maudindo awiri. Wachiwiriyu amalumbiritsa anthu pa zikalata zogwira ntchito m'dziko momwemo, pamene mapepala opita kunja nthawi zambiri amafuna notary. Dzina lakuti notary nalonso limanyenga. Ku France ndi ku Germany ndi katswiri wa malamulo wophunzira kwambiri, ku United States akhoza kukhala munthu wamba wosaphunzira za malamulo, pamene ku England amapatsidwa udindowu ndi ofesi ya Arkibishopu wa ku Canterbury, mwambo womwe unayamba mu 1533. Izi zinandiseketsa tsiku limene ndinazimva koyamba.

Apostille ndi chikalata chimene boma limamatira pa pepala lanu, chotsimikiza kuti siginecha ndi chidindo zili pamenepo ndi zenizeni, ndipo wodindayo alidi ndi udindowo. Chinabwera ndi pangano la ku The Hague la pa 5 Okutobala 1961, ndipo mutu wake umalembedwa m'Chifalansa ngakhale zina zonse zikhale m'chilankhulo china. Mayiko oposa 120 ali m'panganoli. China inayamba kulitsatira mu Novembala 2023, Canada mu Januwale 2024. Chimaperekedwa m'dziko limene pepalalo linachokera, ndi ofesi imene boma linasankha, kawirikawiri unduna woona za kunja kapena khoti. Ngati dziko limene pepala likuchokera kapena limene likupita silili m'panganoli, njira imatalika: notary, kenako unduna woona za kunja, kenako ofesi ya kazembe wa dziko lomwe pepala likupita.

Musanawononge ndalama zina, mwanayo alembere yunivesiteyo afunse ngati akufuna apostille pa satifiketi yeniyeni kapena pa kope yodindidwa ndi notary, komanso ngati akufuna kuti zimasuliridwe m'chilankhulo chawo. Ayankhe molemba, ndipo yankholo mulisunge.

*

Malume,
Bambo athu akalamba ndipo ayamba kuiwala, nthawi zina ngakhale mayina athu. Achimwene akufuna tiwatengere kwa notary msanga akasayine power of attorney kuti iwo aziyendetsa za kubanki ndiponso agulitse nyumba ina. Ine mtima sukundikhala m'malo. Ndikulakwitsa?
Mwana wamkazi wotsiriza

Mwana wanga,
Simukulakwitsa. Sindikuwadziwa achimwene anuwo, ndipo mwina cholinga chawo n'chabwino, koma liwu loti "msanga" ndi lomwe landikhalitsa tsonga.

Power of attorney ndi chikalata chimene munthu amapatsira mnzake mphamvu zomuchitira zinthu m'malo mwake. Munthu sangapereke mphamvu pa chinthu chimene sakuchimvetsa. Notary wodziwa ntchito amatulutsa ana onse panja n'kutsala ndi nkhalambayo, n'kuifunsa mwa mawu akeake: mukupatsa ndani, kuti achite chiyani, mukudziwa kuti akhoza kugulitsa nyumba? Akakayika amafuna kalata ya dokotala. Akapanda kutero n'kungodinda, chikalatacho chikhoza kudzagwa kukhoti, nyumba itagulitsidwa kale, abale asakulankhulana.

Pali zinthu ziwiri zimene mabanja amazindikira mochedwa. M'mayiko ambiri otsatira malamulo ochokera ku England, power of attorney wamba imatha mphamvu mwini wake akasiya kuzindikira zinthu, nthawi yomweyo imene banja likuifuna kwambiri. N'chifukwa chake mayiko ena anakhazikitsa mtundu wina wopitirirabe kugwira ntchito. Ku England ndi Wales imatchedwa Lasting Power of Attorney, inayamba mu 2007, koma nayonso imalembedwa munthu akadali bwinobwino m'mutu. Nthawiyo ikadutsa, ndi khoti lokha limene lingasankhe woyang'anira chuma. Chachiwiri, chikalatachi chimafa limodzi ndi mwini wake. Wotapa ndalama kubanki ndi power of attorney ya munthu womwalira akudziputira mlandu. Kuyambira pamenepo nkhani ndi ya wilo ndi malamulo a chuma cha masiye.

Ngati dokotala anena kuti bambo akuzindikirabe mokwanira, lembani chikalata chopapatiza: akaunti yakuti, kulipirira chipatala ndi zofunika pakhomo, mpaka tsiku lakuti. Za kugulitsa nyumba zikhale padera, ana nonse mukudziwa. Funsaninso kubankiko, poti mabanki ambiri ali ndi mafomu awoawo. Ndipo tsiku lopita kwa notary, inunso mupite nawo. Musachite manyazi poti ndinu wamng'ono.

*

Malume,
Dzina langa pa satifiketi ya ukwati lili ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi la pa pasipoti. Nanga ndikamatitse pulasitiki mapepala angawa kuti asang'ambike?
Mkwatibwi watsopano

Mayi,
Pa dzinalo, lumbirani chikalata chonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, mumatirepo makope a mapepala onse awiri. Chimathandiza pofunsira viza ndi kubanki, koma ndi chigamba chabe. Mukapeza mpata bwererani ku ofesi imene inatulutsa satifiketiyo akakonze. Tikiti ya ndege yokha igulidwe ndi dzina la pa pasipoti, chilembo ndi chilembo.

Za pulasitikizo, ayi, chonde. Pepala lomatidwa sangalidindenso, sangakhudze chidindo chakale kuti aone ngati n'chenicheni, ndipo maofesi ambiri amalikana. Gulani kafayilo ka matumba oonekera mkati, muzilowetsa ndi kutulutsa.