Agogo anapita ku Joni: mbiri yawo isanduke bwanji buku la adzukulu?

Mayi wina wa ku Chilomoni watilembera pa imelo. Akuti bambo awo, omwe anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, akalamba ndipo ayamba kuiwalaiwala. Akufuna buku loti adzukulu a zaka 10 mpaka 14 aziwerenga, koma asowa poyambira: alembe mbiri yeniyeni kapena nkhani yopeka?

Mayi, cholembera chiyambe chadikira. Tengani foni, muwajambule mawu bambowo. Kucheza kumodzi kusapitirire mphindi 40, ndipo kukhale kum'mawa, chifukwa munthu wamkulu akatopa amayamba kubwereza zomwe wanena kale. Musawafunse kuti "moyo wa ku Joni unali bwanji?" Adzangoti unali wovuta, basi. Afunseni zinthu zogwirika: tsiku lonyamuka anavala chiyani, ndani anawaperekeza pa Wenela (pomwe ankalembera anthu opita kumigodi), chikepe chotsikira pansi chinkalira bwanji, malipiro oyamba anagula chiyani. Ngati sutikesi kapena chipewa cha kumgodi chikadalipo, chiikeni pamphasa patsogolo pawo, mudzaona okha akuyamba kufotokoza. Dziwaninso kuti mawu a ola limodzi amatenga maola anayi kapena kuposerapo kuwakopera papepala.

Pa funso lanu lenileni, ife tikuti lembani mbiri yeniyeni, koma ya ulendo umodzi wokha. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amayamba ndi "anabadwa m'chaka chakuti, m'mudzi wakuti, mfumu yakuti", kenaka sukulu, ukwati, mayina a ana onse, ndipo mwana wa sitandade 6 amalisiya bukulo asanafike tsamba lachitatu. Mwana amawerenga kuti adziwe chomwe chichitike kutsogolo. Tsegulani ndi m'mawa umene agogo akutsanzikana ndi mayi awo, mutseke ndi tsiku lomwe akufika kwawo atanyamula katundu. Za kubadwa ndi mtundu zilowe pang'onopang'ono m'kati.

Zokambirana za anthu mukhoza kuzilemba monga agogo akuzikumbukira, palibe amene angakuimbeni mlandu. Koma zaka ndi zochitika zazikulu muzitsimikize. Mwachitsanzo, boma la Kamuzu linaimitsa kulemba anthu a Wenela mu 1974, ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown. Ndiye agogo akati ananyamuka pa Wenela mu 1975, funsaninso, mwina zaka zawasokonekera. Mnzawo amene akumutchula kuti anali wakuba kapena chidakwa, msintheni dzina, poti ana ake alipo ndipo Blantyre ndi wamng'ono. Mukayamba kuwonjezera zomwe sizinachitike, monga ngozi yoti nkhani ikome, lembani poyera pachikuto kuti ndi nkhani yopeka.

Kutalika kwake mawu 6,000 mpaka 8,000 akwana, m'mitu 8 kapena 10. Mutu uliwonse mwana authe asanadzuke pomwe wakhala. Mukamaliza, mupatseni mdzukulu mmodzi awerenge mokweza inu muli chete ndi pensulo. Pomwe wadodoma, chiganizo chatalika. Pomwe wayamba kuyang'ana panja, dulanipo.

Za kusindikiza n'zachidule. Sankhani kukula kwa A5, zilembo za saizi 13 kapena 14. Buku lomangidwa ndi mawaya pakati limafuna masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba anayi: masamba 48 ndi mapepala 12. Mukapitirira masamba 60, bukulo limakana kutsekeka bwino, ndiye pamafunika lomata ndi guluu, lomwe ndi lokwererapo mtengo. Uzani osindikiza akupatseni kope limodzi loyesera musanalipire onse, ndipo muyang'anitsitse chilembo cha ŵ ngati mwachigwiritsa ntchito, poti pamakina ena chimatuluka kabokosi. Ngati bukulo ndi la pabanja pokha, makope 20 akwana ndipo nambala yozindikiritsa buku, yotchedwa ISBN, siyofunika. Mukafuna kuti lidzagulitsidwe m'masitolo a mabuku, nambalayo imatengedwa ku National Archives ku Zomba.