Masiku 30 a ku Joni satamuka ngati mphira

Mayi wina wa ku Chirimba wandilembera imelo. Mng'ono wawo ali ndi pakati ku Johannesburg, ndipo iwo akufuna akamudikirire miyezi iwiri. Kondakitala wina wawauza kuti masiku akatha angomupatsa pasipoti ndi kangachepe, iye akaidinditsa ku boda nkuwabwezera. Akufunsa ngati zimenezi zimayendadi.

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga ndili mu minibasi, ndipo mtima unangoti myuu, moti ndinapitirira siteji yanga. Mwakanda pachilonda.

Mu Juni 2016 ndinakwera basi kukaona amalume anga ku Rosettenville, dera la mu Johannesburg, amene anali atadwalika. Ulendowu mukuudziwa: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge, komwe tinaima pamzere mbandakucha, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Mayi wa pawindo anadinda nkulemba deti ndi bolopeni, ine nkuponya pasipoti m'thumba la jekete osayang'anamo n'komwe. Ndinkangoti Mmalawi salowa ndi viza ku South Africa, basi nkhani yatha. Zoona, sitifunsira viza pa ulendo wocheza wa masiku osapitirira 30. Koma 30 yakeyo imatha ngati ufa wa m'thumba la makilogalamu asanu.

Amalume sanachire msanga. Ndinkawasambitsa, kuwaphikira phala, kuwaperekeza kuchipatala. Kutatsala masiku anayi, mnyamata wina wakwathu konkuno, wolankhula Chichewa chosalala, wonditchula kuti "akulu", anandipeza pafupi ndi Park Station. Anati iye ndi wamadeti. Ndinamupatsa pasipoti ndi ma rand 600. Mawa, mawa, basi yachedwa, bwana wathu wasinthidwa shifiti. Pasipoti inabwera patatha milungu iwiri ili momwe inalili, ndalama osabwera. Pamenepo nkuti nditadya kale masiku 10 a eni ake.

Pobwerera, wa pawindo sanakalipe ayi. Anayang'ana pa kompyuta, nkundipatsa chikalata choti ndine munthu wosafunika m'dzikomo kwa chaka chathunthu. Ndinatulutsa kachikwama kuti ndilipire faindi, iye nkupukusa mutu. Faindi ija inatha mu Meyi 2014, malamulo atsopano atayamba kugwira ntchito. Masiku ano ukapitirira ndi masiku osaposa 30 akutsekera chaka chimodzi, ukabwerezanso pasanathe miyezi 24 ndi zaka ziwiri, ukapitirira masiku oposa 30 ndi zaka zisanu.

Amalume anatisiya mu Novembala. Ine amene ndinkadziwa ngakhale kapu yomwe ankakonda kumwera tiyi, ndinakalandira bokosi lawo pa Mwanza, lili mu ngolo yokokedwa ndi galimoto.

Ndiye pano ndimati ndikamanena kuti ndinachita mwayi anthu amadabwa. Inde ndinachita mwayi kuti mnyamata uja anangondibera ndalama. Akanandibweretsera chidindo chabodza, nkhani ikanakhala ya apolisi, mwinanso ya ku Lindela ku Krugersdorp, kumene abale athu amasungidwa podikira kubwezedwa kuno. Chidindo cha papepala chimene kompyuta sikuchidziwa ndi umboni wokumangitsa wekha. Ndipo kunena mosapsatira, ife timawakonda madobadoba. Timadana ndi mzere. Munthu amalolera kupereka pasipoti yake, imene anaivutikira miyezi, kwa mlendo amene sakudziwa ngakhale mudzi wake, chifukwa choti wamutchula kuti akulu. Sindikuvomereza zoti ndi umphawi wokha. Ine ndalama ya basi yobwerera ndinali nayo. Chinali chibwana.

Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo ankakamba za pepala la kontirakiti ngati chinthu chopatulika. Ulendo wa Wenelawo unaima mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, Kamuzu nkuletsa kulemba anthu ntchito. Iwo anabwerako ndi wailesi ndi njinga. Anzawo ena anatchona. Koma matchona akale ankangosowa m'komboni, pomwe lero kompyuta imakukumbukira. Ndipo zipata zikunka zithinathina kulikonse. Mu Ogasiti 2025 America inayamba ndi Malawi ndi Zambia pa ndondomeko yoti wofuna viza yocheza azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ati chifukwa ambiri sabwerako pa nthawi yake. Aliyense wopitiriza masiku amalemetsa katundu wa amene akubwera pambuyo pake, ine ndemwe mmodzi wa olemetsawo.

Nanga inu mutani?

Miyezi iwiri siikwana m'masiku 30. Musananyamuke pitani ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe mukafunse viza yocheza ya nthawi yotalikirapo, mutatenga kalata ya mng'ono wanu yokuitanani, umboni wa komwe amakhala ndi wa ndalama zanu. Mukalowa ndi masiku 30 okha, pempho lowonjezera limadzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a viza m'malo mwa boma la South Africa, ndipo mukaliyambe sabata yoyamba yomweyo, osati kutatsala masiku anayi ngati ine. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, komanso isathe mphamvu pasanadutse masiku 30 kuchokera tsiku lobwerera. Pawindo werengani deti lomwe alemba musanasunthe phazi, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepera 30.

Kapena mufunseni mng'ono wanuyo tsiku lomwe adokotala amuuza, munyamuke kutatsala sabata imodzi, mubwereko masiku akadalipo. Kondakitalayo mudzangomupatsa thumba la ufa ndi usipa akweze m'buti, pasipoti ikhale m'chitenje mwanu.